Gitala Imene Inadzalidwa Pamiyala

Olemekezeka mayi wapampando wa bungwe la odzala mitengo ya zoimbira, pamodzi ndi komiti yanu yonse; olemekezeka mkulu wa zankhalango m'dera lino; olemekezeka bwana wa ku banki, amene ndamva kuti munanyamuka pa galimoto koma mwafika wapansi chifukwa cha miyala ya msewu wathu; olemekezeka mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya zoimbaimba ndi ophunzira anu; abusa amene mwatitsegulira ndi pemphero; mmisiri wathu wopanga magitala; atolankhani; mamembala a bungweli; amayi ndi abambo nonse amene mwasiya ntchito zanu n'kudzakhala padzuwa pano, ndakulonjerani ndi ulemu wonse. Ngati ndaika wamkulu pambuyo, wamng'ono patsogolo, mundikhululukire. Pepala limene alembi anandikonzera lili m'thumba la jekete, ndipo jeketeyo si imene ndavalayi.

Pali munthu mmodzi amene sindinamutchule, ndipo sikuti ndaiwala. Ndi mayi a kunyumba kwanga, amene akhala kutsogolo apa ndi mwana wathu wamkazi. Sindinawalonjere chifukwa sindikudziwa kuti lero ndiwalonjere ngati ndani wawo. Ambiri a inu mukudziwa kuti akudwala matenda oiwala. Mmawa uno pamene ndimawaveka nsapato, anandithokoza mwaulemu kwambiri, kenaka anandifunsa ngati ndine wa kuchipatala. Choncho moni wawo ndausunga kaye, tiona kutsogoloku.

Mayi wapampando, ndinene zoona, chilandirireni uthenga wanu mutu wanga sukugwira. Ine ndine woimba gitala. Moyo wanga wonse ndathera m'maholo ndi m'maukwati, kuvinitsa anthu mpaka nsapato kung'ambika. Khasu ndimalidziwa poliona, koma ilo silindidziwa. Ndiye mukati mlendo wolemekezeka pa nkhani ya mitengo, ndinayamba ndafunsa mwana wanga ngati simunasokoneze nyumba.

Chachiwiri chimene chandizunguza ndi nyumba imene mukuti nditsegule. Mwandiyendetsamo mmawa uno. Ndinayembekeza makina, ndinayembekeza phokoso, ndinayembekeza anthu ovala maovololo. Ndapeza denga, makoma a mipata kuti mphepo izidutsa, ndi mashelefu opanda kanthu. Ndafunsa mmisiri kuti, kodi muno muzidzachitika chiyani? Akuti, "Matabwa azidzagona." Ndati, akadzuka? Akuti, "Tidzawatembenuza, agonenso." Abale anga, ndatsegulapo madansi ambiri, koma nyumba imene ntchito yake ndi kudikira, iyi ndi yoyamba. Musaseke kwambiri a ku banki, ngongole ya malata amenewa ndi yanu.

Komabe poti mwandiimika, ndiloleni ndifotokoze mmene nkhalango mukuiona kuseri kwa nyumbayi inayambira, chifukwa ngakhale sindinadzalemo mtengo ndi umodzi womwe, ndinalipo.

Zaka zoposa makumi anayi zapitazo, titangokwatirana, tinkakhala m'chipinda chimodzi cha lendi. Pawindo panali makina osokera a mayiwa, chifukwa anali telala, ndipo pakhoma panali msomali umene ndinkapachikapo gitala. Iwo ankanditcha a Nsambo, dzina limene linandikakamira mpaka anzanga a mu bandi anaiwala lenileni. Dzinja lina denga linadontha molunjika msomali uja, gitala inanyowa, khosi lake linapindika ngati la munthu wosenza thumba. Tinapita nayo kwa wokonza, kuseri kwa msika, kumene amakhoma zidebe. Wokonzayo anali bambo wake wa mmisiri wathuyu, Mulungu awasunge kumene ali. Anaitembenuza, anaigogoda, n'kunena kuti, "Iyi si gitala, ndi bokosi la pulayiwudi lokhala ndi nsambo. Gitala yeniyeni imafuna thabwa lokhwima, lowuma bwino, ndipo mitengo yake inatha kale, anthu anaisandutsa zitseko ndi makala."

Ine ndinangoti basi, tiyeni tizipita. Koma mayiwa anafunsa kuti, "Mtengo wake ndi uti, bambo?" Wokonza anati, "Mbawa ndi wabwino, ndipo wa zitoliro ndi phingo." Iwo anati, "Umatenga nthawi yaitali bwanji?" Wokonza anaseka, nati, "Mayi, imeneyo wodzala sadya." Mayiwa anamuyang'ana n'kunena kuti, "Sindinafunse za kudya."

Pobwerera, tili pa mlatho, anandigwira pamkono n'kundiuza kuti, "Musadandaule a Nsambo, ndikudzalirani gitala." Ndinaseka mpaka misozi. Ndinkaganiza kuti ndi mawu otonthoza mwamuna wokhumudwa, monga mmene timauzira mwana kuti ndege ikubweretsera masiwiti.

Sanali kuseka. Ndalama zimene ankasunga kuti adzagule makina osokera a magetsi anagulira phiri la miyala ili, malo amene ngakhale mbuzi zinkadutsa mothamanga. Anzathu nthawi imeneyo ankagula ng'ombe, ena ankamanga nyumba za lendi, ena ankagula minibasi, ndipo ife a mu bandi chikhulupiriro chathu chinali chakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndikafika kokonzekera nyimbo, anzanga ankandilonjera kuti, "A Nsambo, gitala yamera? Yatulutsa nsambo zingati?" Ndinkachita manyazi, ndipo ndinkabwera nawo manyaziwo kunyumba. Mayiwa ankangopitiriza kupalasa makina awo, ulusi uli pakamwa.

Tsono imvani malamulo a munda umenewu, mwina inu a zankhalango mundithandize kuwamvetsa, chifukwa ine anandikanika. Mayiwa anakafunsa kwa wokonza uja kangapo, nabwera ndi nzeru zimene kwa ine zinali zozondoka. Mitengo aidzale mothithikana, kuti izilimbirana dzuwa n'kumakula mowongoka. Nthambi za m'munsi azidula zikadali zazing'ono, kuti thabwa lisadzakhale ndi mfundo. Madzi azithirira mbande zikadali zanthete, zikangogwira basi, zidzionere zokha. Manyowa ayi. Ndinati, mayi, mtengo mukuti mumaukonda, bwanji mukuumana chakudya? Anati mtengo wokula mofulumira thupi lake limakhala lofewa, ndipo thabwa lofewa limameza mawu.

Woimba ng'oma wa bandi yathu, amene anali woyamba kundiseka, ataona mitengo ikubiriwira anachita kaduka kabwino. Anati, "Mlamu akuzunza mitengo, ine ndimuonetsa kadzalidwe." Anadzala yake kudambo, motalikirana, manyowa a nkhuku chaka ndi chaka, madzi osasowa. Mitengo yake inanenepa yathu ikadali ngati mizati ya mpanda. Anthu ankaima pamsewu kuisirira. Itadulidwa n'kuuma, wokonza uja anagogoda thabwa limodzi, linalira ngati thumba lonyowa. Chikomekome cha mkuyu. Matabwa amenewo sanatayike ayi, ndi mabenchi amene mwakhalirawo, ndipo ndikuona kuti akugwira ntchito yawo bwino. Koma taganizani: umene unadya bwino sunaimbe, umene unavutika ndiwo akuti udzaimba. Abusa, chimenechi mudzatimasulire tsiku lina, ine ndikachiganiza mutu umaima.

Ntchito yanga m'nkhalango imeneyi inali imodzi yokha. Mitengo itakula kufika poti sungaizungulire ndi zikhatho ziwiri, mayiwa anayamba kunditenga Lamlungu masana. Ankafika pa mtengo, n'kuchotsa mpango kukhutu, n'kugunditsa khutu pa thunthu, maso atatsinzina. Ine ndinkazungulira mbali inayo n'kugogoda ndi chala chopinda. Tsono woimba gitala amasamala zala kuposa nkhope, choncho ndinkagogoda monyengerera. Nthawi zonse mawu ankachokera kuseri kwa mtengo: "A Nsambo, gogodani zenizeni. Mukugogoda ngati muli pakhomo la apongozi." Ndikagogoda mwamphamvu, ankamvetsera, kenaka n'kuti, "Sunakhwime. Tiyeni kwina."

Mtengo ndi mtengo, chaka ndi chaka, yankho linali lomwelo. Mwana wathuyu anabadwa, anakwawa, anapita kusukulu, anakwatiwa, ife tikadali pa "sunakhwime". Tsiku lina ndinati, tasinthanani, khutu la nyimbo ndi langa. Ndinagunditsa khutu, iwo anagogoda. Chimene ndinamva ndi nyerere ikulowa m'khutu. Pambuyo pake ndinafunsa mmisiri wathuyu mwamseri ngati njira imeneyi ndi yoona. Anakanda mutu n'kunena kuti, "Ife timagogoda thabwa lowuma, bambo. Za mtengo woimirira sindinganame, sindizidziwa." Ndiye mpaka lero sindidziwa ngati mayiwa ankamvadi kanthu m'mitengomo, kapena inali nzeru yawo yondichotsera ku mowa Lamlungu masana. Ngati inali nzeru, inagwira ntchito, chifukwa anzanga onse a mu bandi ija anapita, ndatsala ndine.

Mtengo woyamba sitinausankhe ife. Inausankha ndi mphepo. Chaka china kunawomba chimphepo chimene chinasasula madenga, ndipo mbawa umodzi wa mzere woyamba, wowongoka kuposa yonse, unagwa. Titafika, mayiwa anakhala pa thunthu lake n'kumalisisita. Ndinafunsa kuti, ndigogode? Anati, "Wakugwa safunsidwa." Anali ndi chisoni, koma ine, ndisaname pamaso pa abusa, mumtima ndinali kuvina. Ndinathamangira kwa mmisiriyu, amene anali atatenga malo a bambo wake, n'kumuuza kuti akonze zida, mwezi wamawa ndikufuna gitala. Anandiyang'ana ngati ndamupempha mwezi wa kumwamba. Anati, "Bambo, kudula ndi chiyambi chabe. Tiucheke, tipake penti kunsonga kuti matabwa asang'ambike, tiike timitengo pakati pake kuti mpweya uzidutsa, ndipo agone pamthunzi zaka zingapo." Ndinati, zakanso? Anati, "Mukafulumira, khosi lidzapindika ngati ija ya pulayiwudi."

Matabwa aja tinawagoneka kudenga kwa nyumba yathu, pamwamba penipeni pa makina osokera. Ndipo apa ndi pamene nkhani yanga imandipweteka. Pamene matabwa ankauma kumwamba, pansi pake mayiwa anayamba kusintha. Poyamba tinkaseka: ulusi tinaupeza m'chitini cha mchere, diresi la mwana analisokera manja a munthu wamkulu. Kenaka makasitomala anasiya kubwera. Kenaka anaiwala njira ya kumsika. Kenaka mayina a zidzukulu. Tsiku lina ndikulowa m'nyumba anaimirira n'kundipatsa mpando, nati, "Khalani abambo, eni nyumba abwera posachedwa." Kuyambira tsiku limenelo dzina lija la a Nsambo sindinalimvenso pakamwa pawo. Thabwa linkakonzeka, mwini wake akuchoka pang'onopang'ono, ndipo panalibe chimene ndikanachita kuti chimodzi chifulumire kapena chinacho chidikire.

M'zaka zomwezo anthu anayamba kuona phiri ili ndi maso ena. Kunabwera opanga zoimbira ochokera kutali, anayenda m'mizere, anayeza, anagwedeza mitu, ndipo malo amene mbuzi zinkawanyoza anayamba kufunsiridwa ngati namwali. Oyandikana nafe anayamba kudzala, mwana wathuyu anawasonkhanitsa, bungwe linabadwa, mayi wapampando anagwira chiwongolero, ndipo lero tili ndi nazale, tili ndi nyumba yogonekamo matabwa. Pa zonsezi ndikuthokoza komiti, ndikuthokoza a zankhalango chifukwa cha mbande ndi malangizo, ndikuthokoza a ku banki chifukwa chokhulupirira anthu amene katundu wawo sathawa komanso safulumira, ndikuthokozanso amayi ndi abambo amene mumalambula njira zotchinga moto chilimwe chilichonse popanda wokuomberani m'manja.

Alembi anandipempha kuti ndilimbikitse anthu kuika chuma chawo m'mitengo. Bwana wa ku banki anandifotokozera ndi zojambula za mizere yokwera, ndinagwedeza mutu mwaulemu, koma ndinasochera pa mzere wachiwiri. Chimene ndinganene ndi chimene ndaona ndi maso. Ngati mukufuna phindu la chaka chamawa, dzalani tomato. Ngati mukufuna la zaka zisanu, gulani mbuzi. Mitengo iyi musaikemo chakudya cha ana, muikemo chimene mungathe kuchiiwala. Mbawa mukadzala muli achinyamata, mwina mudzauona thabwa muli ndi ndodo. Phingo amene ophunzira a sukulu ya zoimbaimba adzale lero, adzamudula anthu amene makolo awo sanabadwe. Akuti kuona maso a nkhono n'kudekha, koma palibe anandiuza kuti nkhono ina imatulutsa maso wodekhayo atagona kale. Kodi kumeneku ndi kusunga chuma, kapena ndi kupereka mphatso kwa alendo? Ine sindidziwa. Ndikudziwa kuti mthunzi ulipo, kasupe wa m'munsimu sakuphwanso, ndipo zidzukulu zanga zili ndi chinthu chimene wakuba sangachinyamule pamutu.

Tsopano ndifike pa chinthu chakutidwa ndi nsalu patebulo apa. Mwana wanga, tavundukula. Inde, ndi imeneyo. Ombani m'manja, mmisiri wagwira ntchito. Imeneyi ndi gitala ya mtengo uja unagwa ndi mphepo, gitala imene ndinalonjezedwa pa mlatho ndili mnyamata wa tsitsi lakuda.

Mmisiri anabwera nayo kunyumba sabata yatha. Ndinasamba, ndinavala malaya abwino, ndinawakhazika mayiwa pampando wawo wa pawindo. Zala zangazi zinagwidwa ndi nyamakazi, koma ndinazikakamiza, ndinaimba nyimbo imene ndinawaimbira tsiku la ukwati wathu. Gitala inalira, abale anga, inalira mwakuti ine ndemwe ndinachita mantha. Nditamaliza, mayiwa anaomba m'manja pang'ono, monga mmene timachitira ndi mlendo, n'kunena kuti, "Mumatha, abambo. Mwamuna wanga nayenso amaimba gitala. Kaya mumamudziwa?"

Ndinati ndimamudziwa pang'ono. Ndinatuluka panja, ndinakhala pa khonde, ndipo ndinalira ngati mwana. Ndinadzifunsa kuti zaka zonsezi zinali za chiyani, ngati wodzala sakudziwa kuti chimene anadzala chabala, ndipo sakudziwa amene anamudzalira. Ndinauza mwana wanga kuti ku mwambo kuno sindibwera. Iye anati, "Ababa, mayi anadikira zaka zonsezo osadandaula, inu mukulephera kudikira mpaka Loweruka?" Ndi mwana wa mayi ake ameneyu.

Pa ndondomeko ya mwambo alemba kuti pano ndiimbe nyimbo imodzi ndisanadule riboni. Mayi wapampando, mundikhululukire, ndiphwanya ndondomeko. Mmawa uja mukutiyendetsa m'nyumba yatsopanoyi, mmisiri anatola thabwa n'kuligogoda kuti a ku banki amve kulira kwake. Ndinaona ngati mayiwa atembenuza mutu. Mwina ndi maso anga okalamba, mwina inali ntchentche. Koma zandikhala pamtima mwambo wonsewu, ndipo ndaganiza kuti mwina ndinalakwitsa khomo. Iwo sanadzale nyimbo, nyimbo inali mbali yanga. Iwo ankadziwa mtengo.

Ndiloleni nditsike. Mwana wanga, gwira chimkuzamawuchi, uchiyandikize kuno. Atolankhani, bwererani m'mbuyo pang'ono, musawaopseze. Ndikupempha bata, ngakhale ana kumbuyoko.

Mayi, pepani, ndikusuntheni mpangowu pang'ono. Musaope. Ndikufuna mundimverere thabwa la gitalayi. Ndiika msana wake pakhutu panu, chonchi. Ine ndikhala mbali inayi. Mwakonzeka? Ndagogoda.

Palibe. Dikirani, ndiyesenso kamodzi, kenaka tipitiriza mwambo.

Mwati bwanji, mayi?

Akumbuyo simunamve. Inu akutsogolo mwamva, ndikuona abusa avula magalasi. Akuti ndigogode zenizeni. Akuti ndikugogoda ngati ndili pakhomo la apongozi.

Chabwino, mayi. Zala zithyoke ngati zikufuna. Nayo.

Atsinzina. Taonani, atsinzina ngati kale. Musaombe m'manja, chonde, akumvetsera.

Mwana wanga, wamva iwe? Nena ndiwe. Ayi, ndinena ndekha. Akuti, "Wakhwima, a Nsambo." Akutinso, "Nanga mukudikira chiyani? Imbani."

Ndipatseni kanthawi. Mpango wanga nawonso uli mu jekete ija.

Abale anga, musandifunse kuti chachitika n'chiyani, chifukwa ine ndabwera pano wosokonezeka ndipo ndichoka wosokonezeka. Sindikudziwa ngati amvadi kukhwima kwa thabwa, kapena angozindikira kagogodedwe ka munthu wamantha. Mwina mawa mmawa ndikamawaveka nsapato adzandifunsanso ngati ndine wa kuchipatala. Zamawa zidzaoneka mawa. Lero wodzala walandira zokolola zake ali maso, ndipo ine ndaitanidwa ndi dzina langa.

Tsono ndimalize moni umene ndinausunga. Olemekezeka mayi a kunyumba kwanga, telala wa pawindo, mwini wa phiri la miyala, mlendo wolemekezeka weniweni wa tsiku lino, ndakulonjerani. Gitala ija munalonjeza ndalandira.

Mayi wapampando, bweretsani lumo msanga, tidule awiri, dzanja lawo pamwamba pa langa, poti lumo amalidziwa ndi iwo. Ndi ulemu umene mwandipatsa, ndikulengeza kuti nazale ya bungwe lino pamodzi ndi nyumba yogonekamo matabwa zatsegulidwa kuyambira lero. Matabwa alowe, agone, ndipo aliyense amene adzawatembenuze adzakumbukire kuti pali wina akudikira. Ine ndisachedwe, ndauzidwa kuti ndiimbe.

Zikomo kwambiri.